Kuyenda, kudikira pa una kapena kutchera kamera: njira zojambulira agologolo ndi tinyama tina ta m'mapiri

Agologolo a m'mapiri, aja amakumba mauna m'malo mokhala m'mitengo, ambiri mwa iwo amatalika masentimita 25 mpaka 40 tikawerengera ndi mchira womwe. Maso awo ali m'mbali mwa mutu, moti amaona mbali zambiri osatembenuka, ndipo moyo wawo wonse amakhala ali tcheru ndi chilichonse chimene chawaimirira pamwamba. Munthu woimirira ndi kamera amaopsa kanyama kotere chimodzimodzi ndi chilombo. N'chifukwa chake anthu ambiri akatsika kuphiri amapeza kuti ajambula kadontho kofiirira pakati pa miyala, kapena msana wa kanyama kooneka chakumwamba, nkhope osaoneka n'komwe.

Zinthu ziwiri zimaweruza chithunzi cha kanyama kakang'ono: kuti muli nako pafupi bwanji, ndiponso kuti kamera yatsika bwanji kufika pamene pali maso ake. Njira zonse zimene ojambula amagwiritsa ntchito n'zofuna kupeza ziwirizi. Ine ndili nayo imene ndimaikhulupirira, ndipo muiona, koma iliyonse ili ndi tsiku lake.

Tiyambe ndi masamu pang'ono kuti musamayembekezere zosatheka. Pa kamera ya sensa (kachipangizo kolandira kuwala mkati mwa kamera) yaikulu, ija ya mamilimita 36 ndi 24, lenzi ya 400mm ikaloza chinthu chimene chili pa mamita 5 imatenga malo a masentimita 45 chopingasa ndi 30 choimirira. Gologolo amadzaza bwino pamenepo. Mukakhala pa mamita 23, ngakhale mutaika lenzi ya 600mm, chithunzi chimatenga pafupifupi masentimita 140 chopingasa, ndipo gologolo uja amangokhala gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu. Mamita 23 ndawatchula dala. Ndi mtunda umene malamulo a ku Yellowstone National Park, ku America, amafuna kuti ukhale pakati pa munthu ndi nyama zakutchire, kupatula nyama zolusa monga zimbalangondo ndi mimbulu zimene pamafunika mamita 91. Paki iliyonse ili ndi malamulo ake, ndipo malamulowo ndi amene amayamba kukusankhirani njira. Afunseni oyang'anira musanakwere.

Kuyenda kamera ili m'manja

Iyi ndi njira imene aliyense amayamba nayo: mukuyenda m'kanjira ka m'phiri, mwaona kanyama, mwaima, mwajambula. Ubwino wake ndi wakuti tsiku limodzi mumadutsa m'nkhalango, m'dambo la udzu ndi m'miyala, ndiye mumakumana ndi mitundu ingapo. M'mapiri a Rocky, ku North America, mungayambe ndi chipmunk (kagologolo kakang'ono ka mizere) m'munsi, n'kupeza gologolo wa mapewa ofiirira ngati golide chapakati, n'kumaliza ndi pika (kachibale ka kalulu) pamwamba. Awiri oyambawo anthu amawasokoneza kwambiri popeza onse ali ndi mizere kumsana, koma yang'anani kumaso: chipmunk ili ndi mizere mpaka kunkhope, pamene gologoloyo alibe.

Kukhala m'kanjira kumathandiza kuposa mmene ambiri amaganizira. Kafukufuku amene anachitika ku Switzerland n'kusindikizidwa mu 1993 anapeza kuti marmot (agologolo aakulu onenepa okhala m'mauna) za ku mapiri a Alps sizithawa kwenikweni munthu woyenda m'njira yozolowereka, koma zimathawira kutali munthu akapatuka n'kudula patchire, ndipo zimaopa koposa akakhala ndi galu. Nyama zimadziwa pamene anthu amadutsa. Ku Swiss National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1914, kupatuka m'njira n'koletsedwa kumene, choncho kumeneko mukhala m'njira mufune musafune.

Kuipa kwa njirayi n'kwakuti mumajambula nyama imene yakuonani kale. Yaimirira chilili pakamwa pa una, thupi lonse lauma, ikukuyang'anani. Chithunzi chimodzi chotere n'chokongola, koma zikafika 40 mumazindikira kuti zonse ndi za mantha okhaokha. Ngati mwasankha kuyenda, konzeranitu kamera pa liwiro lojambulira la 1/1000 ya sekondi, ISO (mlingo wa mmene sensa imamvera kuwala) izidzisintha yokha, ndipo mukaona kanyama musakalunjike. Gwadani pomwepo, mukatha mugone chafufumimba, kenako muzijambula.

Kumene nyama zinazolowera anthu

Pali malo amene magalimoto amaima tsiku ndi tsiku, ndipo tinyama ta pamenepo tinasiya kalekale kuopa munthu. Pa Logan Pass, ku Glacier National Park ku America, agologolo a mtundu wa Columbian amayendayenda m'mphepete mwa njira ya alendo. Pa Kaiser-Franz-Josefs-Höhe, pa msewu wa Grossglockner ku Austria, marmot zimafika pafupi ndi anthu. Pamwamba pa Table Mountain ku Cape Town mbira zimawothera dzuwa pamiyala alendo akudutsa pambali. Kwa munthu amene ali ndi ola limodzi lokha, kapena amene ali ndi foni basi, palibe njira ina yoposa iyi. Ndi malonso abwino ophunzirirapo kamera yatsopano, chifukwa mukalakwitsa kanyama sikapita kutali.

Koma chithunzi cha pamalo otere chimadziulula. Kumbuyo kumaoneka phula, mpanda kapena nsapato za anthu, ndipo kanyamako kamakhala kataimika manja mopempha. Apa ndi pamene chiyeso chodyetsa chimabwera, ndipo ine ndimakana ndi mtima wonse. M'mapaki a boma la Canada kudyetsa nyama zakutchire ndi mlandu umene chindapusa chake chingafike madola 25,000 a ku Canada, ndipo m'mapaki a boma la America n'koletsedwanso. Gologolo amene akukonzekera kugona miyezi yambiri amafunika mafuta ochokera ku zomera ndi njere zimene thupi lake linazolowera, osati zotsala za m'chikwama cha mlendo. Akazolowera kulandira m'manja amayamba kuluma. Palinso nthata. Agologolo ndi marmot amatha kukhala ndi nthata zofalitsa mliri wa makoswe, ndipo mu 2015 oyang'anira Yosemite National Park ku America anatseka kwa kanthawi misasa ya Crane Flat ndi Tuolumne Meadows chifukwa cha matendawa. Chithunzi cha gologolo akudya padzanja sichingalipire zimenezi.

Chimene ndimaona kuti n'chanzeru ndi kufika pamalo otchukawo, n'kupitirira ndi kanjira mamita 200 kapena 300. Kumeneko mumapeza nyama zimene zimaona anthu tsiku lililonse moti sizithawa msanga, koma sizinasanduke zopemphapempha.

Kukhala pansi n'kudikira

Iyi ndiye njira yanga, ndipo ndikhalitsapo.

Ntchito imayamba dzulo lake. Yendani m'dera limene mukufuna kujambula, muone pamene pali mauna amoyo: dothi latsopano pakamwa, timanyi tatsopano, udzu wodulidwadulidwa, ndi tinjira topyapyala tochoka pa una kupita kodyera. Fufuzani mwala kapena chulu chimene nyama zimakonda kukwerapo poyang'ana adani, chifukwa pafupifupi gulu lililonse lili ndi nsanja yake yotere. Kenako onani kumene dzuwa lidzatulukire, ndi chimene chidzakhale kumbuyo kwa mwalawo mukadzagona pansi. Kumbuyo kukakhala chigwa kapena phiri lakutali, kanyama kadzaoneka katadzipatula bwino. Kukakhala udzu wapafupi, chithunzi chidzakhala chosokonekera ngakhale lenzi itakhala yodula bwanji.

M'mawa mwake fikani dzuwa lisanafike pamaunawo. Khalani mamita 8 kapena 10 kuchoka pa una, kapena kutali kuposa apo ngati malamulo akutero, ndipo musatseke kanjira kopita kodyera. Pamulu wa dothi wa pa una musagonepo, paja nthata zimakhala pamenepo. Yalani kamphasa kopyapyala, ikani chikwama patsogolo, sanjikani lenzi pachikwamacho, mugone. Ndiye mukhale chete.

Choyamba kuoneka ndi mphuno. Imatuluka pang'ono, kugwedezeka kawiri katatu, n'kubwerera. Pakapita kanthawi kumatuluka mutu mpaka m'maso, ndipo diso limodzi lakuda bii limakhala pa inu osaphethira. Apa ndi pamene ambiri amataya mwayi: amatukula kamera, kapena kusuntha chigongono, mutu uja n'kulowanso, ndipo kudikira kumayambiranso poyamba. Musajambule. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Muleke gologoloyo atuluke thupi lonse, aimirire, ayang'ane kumwamba, atsike. Akayamba kudzikanda kukhosi ndi mwendo wakumbuyo, kapena kukoka duwa ndi manja n'kumalitafuna kuyambira kuphesi, dziwani kuti wakuwerengerani pamodzi ndi miyala. Nthawi zambiri zimenezi zimatenga mphindi 15 mpaka 30, ndipo kuyambira pamenepo mumaona zimene woyenda sangaone: ana akugwetsana, wamkulu atanyamula udzu wouma wodzaza kamwa kupita nawo kuchisa, awiri akugundanitsa mphuno polonjerana.

Makutu amathandiza ngati maso. Paul Sherman, amene anafufuza agologolo a mtundu wa Belding pa Tioga Pass m'mapiri a Sierra Nevada ku America, anasonyeza mu 1977 kuti amene amakonda kuchenjeza anzawo chilombo chikamabwera ndi aakazi okhala pakati pa abale awo. Agologolowa ali ndi kulira kuwiri: mluzu umodzi wakuthwa kukabwera mbalame yolusa, ndi kulira kobwerezabwereza kukabwera chilombo choyenda pansi. Mukazolowera kusiyanitsa, mluzu ukangomveka mumadziwa kuti muyang'ane kumwamba, ndipo onse athamangira kumauna. Kulira kobwerezabwereza kukamapitirira maso onse ali pa inu, ndiye kuti mwayandikira mopitirira. Bwererani m'mbuyo. Nyamazi zili ndi miyezi yochepa yoti zidye n'kunenepa, ndipo ola limene zathera pokulondani ndi ola limene sizinadye.

Pa kamera, kumbukirani kuti pafupi chonchi malo ooneka bwino ndi ochepa kwambiri. Lenzi ya 400mm pa f/5.6 (nambala ya chibowo cholowetsa kuwala m'lenzi; nambalayo ikamakwera chibowocho chimachepa), kanyama kali pa mamita 5, imaonetsa bwino masentimita 5 okha kuchoka kutsogolo kupita kumbuyo. Diso likakhala lakuthwa, mchira umakhala utazilala kale. Zimenezi n'zokongola kanyama kakakhala kamodzi, koma ana akakhala atatu tsekani mpaka f/8 kapena f/11. Makamera atsopano amatha kupeza okha diso la nyama, koma mukagona pansi udzu wa patsogolo umawasokoneza, choncho khalani okonzeka kugwiritsa ntchito kadontho kamodzi kolozera pamene mukufuna kuti paoneke bwino. Kanyama kakakhala phee, 1/500 ikukwana. Kakamathamanga kapena kumenyana, kwezani mpaka 1/2000.

Njirayi imagwira bwino koposa pa pika. Kanyamaka ndi kachibale ka kalulu, kamakhala m'milu ya miyala yogumuka, ndipo sikagona tulo ta nyengo yozizira monga agologolo. M'malo mwake, chakumapeto kwa nyengo yotentha kamadula udzu ndi maluwa n'kumaunjika pansi pa mwala kuti kadzadye chipale chofewa chikakwirira phiri. Kamapita kodula n'kubwerera kambirimbiri, kawirikawiri podutsa miyala yomweyomweyo. Mukaona kawiri katatu pamene kamaima, lozani pamwala umenewo n'kudikira. Kadzabwera katanyamula maluwa kukamwa. Kuthamangitsa pika m'miyala n'kungodzithyola miyendo. Komanso kanyamaka sikapirira kutentha: madigiri 25 okha, kakasowa pobisala kwa maola angapo, akhoza kukapha. Masana kamalowa pansi pa miyala, ndiye nthawi yanu ndi m'mawa ndi chakumadzulo.

Chithunzi chimene chinapambana mpikisano wa Wildlife Photographer of the Year mu 2019, chojambulidwa ndi Yongqing Bao m'mapiri a Qilian ku China, chimaonetsa marmot itadzidzimuka pamaso pa nkhandwe ya ku Tibet. Zoterezi zimachitika m'kuphethira kwa diso, ndipo amaziona ndi munthu amene maso ake anali kale pa unawo.

Mtengo wa njirayi ndi nthawi ndi thupi lanu. Mukakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6.5, ndipo munthu wogona pansi osasuntha amazizidwa msanga kuposa woyenda. Mabatire nawonso amatha msanga kukazizira, choncho losungira liikeni m'thumba la mkati. M'mapiri ambiri nyengo yotentha imabwera ndi mphenzi masana, ndipo pamtetete pamwamba pa phiri si pamalo pokhala mitambo ikayamba kuunjikana. Mukatsika, dzifufuzeni nkhupakupa. Ndipo pali masiku amene mumabwerako ndi mtundu umodzi wokha wa nyama, mnzanu woyenda uja atajambula isanu.

Kutchera kamera n'kuiwombera patali

Njira zitatu zija zimapereka kanyama kooneka bwino ndi kumbuyo kozilala. Koma phirilo lili kuti? Amene akufuna kuti gologolo aoneke wamkulu patsogolo, nsonga za mapiri zili kumbuyo kwake, amafunika lenzi yotambalala, ya 16mm mpaka 35mm, itakhala masentimita 30 mpaka 50 kuchoka pa kanyamako. Munthu sangafike pamenepo popanda kudyetsa, koma kamera yokha ingafike. Mumaiika pansi pafupi ndi mwala wa nsanja uja, kulozeratu ndi dzanja pamene kanyama kamaima, kutseka mpaka f/8 kapena f/11, kuzimitsa phokoso la kamera, n'kupita kukakhala mamita 15 kapena 20 ndi rimoti kapena foni yolumikizidwa ku kamerayo.

Zikayenda, palibe njira ina imene imapereka chithunzi chosimba za malo ngati iyi. Koma zimayenda mwa apo ndi apo. Kanyama kamaima chofulatira, kapena pambali pang'ono pa pamene munalozera, kapena kamabwera n'kugunditsa mphuno pagalasi. Marmot ndiye zimatafuna. Ku Mineral King, ku Sequoia National Park ku America, zimadziwika ndi kutafuna mapaipi ndi mawaya a magalimoto oimikidwa, moti eni ake amakulunga magalimoto ndi malona. Lamba wa kamera wolowa thukuta ndi ndiwo kwa izo, choncho muchotseni. Kamera isaikidwe pakamwa pa una, chifukwa pamenepo ndi pothawira, ndipo mukaona kuti nyama zasiya kukwera pamwala chifukwa cha chinthu chachilendocho, ichotseni. Mapaki ena salola kusiya zipangizo pafupi ndi nyama popanda chilolezo.

Sindingalangize munthu kuyamba ndi njirayi. Imafuna kuti mudziwe kale mwala woyenera, ndipo zimenezo mumazidziwa podikira.

Za tenti yobisalamo sindinena zambiri. Kwa mbalame imathandiza, koma tinyama iti timaopa kusuntha kuposa mtundu wa zovala, ndipo tenti pamphepo ya m'phiri imagwedezeka kuposa munthu wogona. Galimoto imabisa bwinoko pa misewu yokwera ngati Trail Ridge Road ku Colorado, bola kanyama kakhale pamwala kapena pamtunda wofanana ndi zenera. Kakakhala pansi, mwabwerera ku zithunzi za misana.

Lenzi iti pa njira iti

Kuphiri kilogalamu iliyonse imamveka m'maondo, choncho lenzi yabwino ndi imene mudzafike nayo pamwamba.

Malenzi a 100-400mm ndi amene amakwanira anthu ambiri. Canon RF 100-400mm imalemera magalamu 635 okha. Pa kamera ya sensa yocheperako, ija ya APS-C, 400mm imaona ngati 600mm kapena kupitirira pang'ono, ndipo malenzi oterewa amalozanso pafupi kwambiri, zomwe zimathandiza kanyama kakakuyandikirani kokha. Kwa wodikira ndi woyenda yemwe, ndingasankhe imeneyi.

Malenzi a 150-600mm kapena 200-600mm amalemera makilogalamu 2 kapena kuzungulira pamenepo. Ndi oyenera kumene malamulo amakuikani kutali, kapena pa marmot zamantha za kumalo kosafika anthu. Pogona pansi kulemera kwake sikuvuta popeza chikwama ndi chimene chimanyamula, koma paulendo wa tsiku lonse mudzaimva. Lenzi ya 600mm f/4 imapitirira makilogalamu 3. Zithunzi zake n'zosiririka, koma malo ake ndi pafupi ndi msewu.

Pali makamera a lenzi yosachotsa. Sony RX10 IV imafika pofanana ndi 600mm ndipo imaloza mwachangu. Nikon P1000 imafika pofanana ndi 3000mm, nambala imene imakopa anthu ambiri. Chenjerani nayo. Sensa yake ndi yaing'ono, imavutika kuwala kukachepa, ndipo dzuwa likatenthetsa miyala mpweya wa pamwamba pake umachita ngati ukuwira, moti chilichonse chakutali chimaoneka chosungunuka. Palibe lenzi imene imadutsa mpweya woterowo. Tripod (choimikapo kamera cha miyendo itatu) yaitali ingakulemetseni pachabe pa ntchito imeneyi, pokhapokha ikhale yotha kutambasula miyendo mpaka pansi.

Kalendala isanathe

Musanasankhe njira, onani mwezi. Agologolo a mtundu wa Columbian amakhala pansi pa nthaka miyezi 7 kapena kupitirira pa chaka. A mtundu wa Uinta, a ku Yellowstone ndi Grand Teton, ambiri amakhala atalowa kale pofika mu Ogasiti, dzuwa likadali kuswa mtengo, ndipo alendo ofika mu Seputembala amangopeza mauna otsekeka. Marmot za ku Alps zimagona kuyambira cha mu Okutobala mpaka Epulo, ndipo ana ake amayamba kutuluka cha mu Julayi. Pika ndi ya mu Ogasiti ndi Seputembala ngati mukufuna kuiona ikututa udzu. Mbira sizigona tulo totere, zimapezeka chaka chonse, ndipo popeza thupi lake silisunga bwino kutentha zimayamba tsiku ndi kuwothera dzuwa zitaunjikana pamwala, zomwe zimapatsa wojambula ola labwino la m'mawa.

Mukakhala ndi ola limodzi, pitani kumene nyama zinazolowera anthu, mupitirire pang'ono ndi kanjira, mugone pansi. Mukakhala ndi tsiku limodzi, yendani mpaka mutapeza mauna amoyo, mukhale pamenepo maola awiri ngakhale anzanu atapitirira. Mukakhala ndi masiku atatu, loyamba likhale loyenda ndi kuona, lachiwiri lodikira ndi lenzi yaitali, ndipo lachitatu, mutadziwa mwala umene gologolo wamkulu amakwerapo dzuwa likangofika, mutchere kamera ya lenzi yotambalala pamenepo kusanache.